Osadya Mpaka Atenge Magazi

Chitsiriza ankafuna kuti magazi a bambo ake apezeke ndi vuto. Sanauze munthu aliyense, poti mawu otere ukawatulutsa pakamwa anthu amati mutu wako sukuyenda bwino. Koma ndi zimene ankafuna.

Bambo akewo anayendetsa basi mpaka imvi zitadzaza m'mutu. Munthu amene ankadziwa dzenje lililonse la mumsewu tsopano ankasochera pakati pa golosale ndi geti la nyumba yake. Anatereka ketulo yopanda madzi mpaka chogwirira chinasungunuka. Tsiku lina anafunsa kuti mayi abwera nthawi yanji kuchokera kumsika, chonsecho mayiwo anamwalira kalekale, ndipo suti ya pamaliro anakaisankha okha.

Dokotala anali mtsikana wa magalasi, wolankhula maso ali pa kompyuta.

"Tisathamange," anatero. "Kuiwala kwina kumachokera ku kadyedwe. Achikulire okhala okha amangodalira tiyi ndi buledi, thupi n'kuyamba kusowa vitamini B12. Kwina ndi chithokomiro, kwina ndi shuga. Zimenezo timachiza. Jakisoni kapena mapiritsi, munthu n'kubwerera mwakale."

"Nanga magazi akapezeka kuti ali bwinobwino?" Chitsiriza anafunsa.

"Tidzakambirana zikadzatero. Koma tsiku lotenga magazi adzabwere osadya kanthu. Madzi okha. Akadzangolawa ngakhale tiyi, zotsatira zidzanama."

Mawu akuti munthu n'kubwerera mwakale ndi amene Chitsiriza anatuluka nawo m'chipindamo. Ndiye sanafune kuti kapu ya tiyi imuwonongere zonse. Madzulo a tsiku loti mawa akatengedwe magazi anakhala ndi bambo ake patebulo, nawauza. Anawauzanso akutsuka mbale. Anawagwira manja onse awiri, kuwayang'ana m'maso, n'kuwabwerezetsa ngati mwana wa sukulu.

"Ababa, mawa m'mawa mutani?"

"Osadya mpaka atenge magazi."

"Madzi?"

"Madzi okha ndi ololedwa."

Atabwerera kwake anawaimbiranso foni asanagone, ndi m'mawa asanadzuke bwino. Bambowo anali munthu wa malamulo kuyambira kale. Pa ntchito yawo yonse sanatulutsepo basi pa depoti osayang'ana oyilo ndi matayala, ngakhale bwana akuwakalipira kuti achedwetsa anthu. Chitsiriza atafika anawapeza atavala jekete, atapesa, akudikira pampando wa pakhomo. Kuchipatala nesi anawamanga lamba pamkono, nawauza kuti ayang'ane kukhoma, n'kudzaza timabotolo take. Zonse zinayenda bwino.

Chitsiriza ankagwira ntchito pamalo ochapira zovala, kusita malaya a anthu a m'maofesi, nthunzi ikumuphika nkhope tsiku lonse. Masiku amene anapita kuchipatala anamugwirira mnzake, ndiye sabata yotsatirayo inali yobweza. Podziwa kuti sapezeka, anaphika zambiri nthawi imodzi: chiwindi, nyemba, nsomba, mazira owiritsa, mpunga. Anaziika m'makontena n'kuzisanja m'firiji ya bambo ake, zoyamba kudyedwa kutsogolo. Pa nthawi yopuma ankaimba foni.

"Ababa, mwadya?"

"Zonse zili m'malo, mama."

Achimwene ake a Chitsiriza nawo sanagone. Amakhala kutali amenewo, ndipo chikondi chawo chonse chimadzera pafoni. Kukacha ankatumiza vidiyo ya munthu wovala gawuni yoyera akulongosola kuti mtedza umakonza ubongo, mawa lake ina ya mafuta a nsomba. Pansi pake ankalemba kuti, "Uwagulire izi, mlongo." Munthu amene sanachapepo thalauzi la bambo ake amadziwa zambiri za ubongo. Chitsiriza ankangoyankha ndi kachala koloza m'mwamba n'kubwerera ku ayironi.

Tsiku la zotsatira anapita yekha, atapempha ola limodzi kwa abwana. Dokotala uja anachotsa maso pa kompyuta, zimene sanachitepo kale.

"Magazi a bambo anu ndi a mnyamata," anatero.

Anayamba kutchula chimodzichimodzi. Vitamini B12 yokwanira. Shuga ali m'malo mwake. Chithokomiro chikugwira ntchito, impso nazonso. Mafuta akwera pang'ono, koma osati oti n'kudandaula nawo.

"Ndiye kuti si kadyedwe."

"Si kadyedwe. Pepani."

Dokotala anapitiriza. Anatchula zokajambula mutu, anatchula dokotala wina wa okalamba, anati alipo mankhwala ochedwetsa koma ochiza palibe. Chitsiriza ankadikira kuti chinachake chimupweteke. Palibe chinabwera. Anangoona kuti kolala ya gawuni ya dokotalayo inasitidwa molakwika, kuyambira pakati m'malo moyambira kunsonga, n'chifukwa chake inali ndi khwinya. Anathokoza, anakankhira mpando m'malo mwake, natuluka.

Ali pa siteji, achimwene ake anaimba.

"Bwanji kumeneko?"

"Akuti magazi ali bwino."

"Eee, tithokoze Mulungu! Ndinakuuza ine, mdala uja ndi chitsulo."

"Eya," anatero Chitsiriza. Analibe mphamvu zofotokoza. Kuntchito sanabwerere. Anakwera minibasi yopita kwa bambo ake, ndipo njira yonse ankawerenga zikwangwani za masitolo osamva chimene chalembedwa.

Geti linali lotsegula. Bambo ake anali pampando wa pakhomo, atavala jekete, atapesa. Mkono umodzi anali atautulutsa m'jeketemo, shati ataipinda mpaka pamwamba pa chigongono. Pambali pa mwendo wa mpando panali jagi ya madzi. Masaya anali atalowa, milomo itauma, ndipo pamene ankaimirira kuti amulandire anagwira kaye khoma.

"Wachedwatu, mama. Atseka kumeneko."

Chitsiriza anawapitirira n'kulowa kukhitchini. Anatsegula firiji. Makontena onse anali mmene anawasanjira, palibe ndi imodzi yomwe yotsegulidwa. Buledi wa pa shelefu anali atachita nkhungu m'pepala lake. M'sinki munalibe mbale, kapu kapena supuni. Anaima pamenepo chitseko cha firiji chili chotsegula, kuzizira kukumuomba m'mawondo.

Anabwerera pakhomo.

"Ababa, mwadya liti komaliza?"

"Osadya mpaka atenge magazi," anayankha monyadira. "Amayi a nyumba yoyandikana nafeyi anabwera ndi nthochi, ndinawabweza. Ndinawauza kuti mwana wanga analetsa."

"Anatenga kale, ababa. Sabata yatha. Tinapita limodzi."

"Ayi."

"Onani apa." Anawagwira mkono n'kuwaonetsa kachipsera kakuda pamene singano inalowa. "Apa anabaya nesi."

Bambowo anayang'ana kachipserako ngati kali pamkono wa munthu wina, kenako anabweza mkono wawo.

"Usandisokoneze. Unanena wekha kuti zotsatira zidzanama. Ine sindinaphwanyepo lamulo, ndiyambe lero?"

Chitsiriza anatenthetsa mpunga ndi mazira, nawaikira patebulo. Anawanyengerera. Anawakalipira, mawu ake akumveka ngati a munthu wolengeza pa wailesi, opanda mkwiyo weniweni. Bambowo anakhala pampando wa patebulo chifukwa cha ulemu basi, manja ali pamiyendo. Maso awo ankapita pa mbale n'kubwerera, ndipo kholingo linkakwera n'kutsika. Njala inali ikuwapweteka, zinkaoneka. Chitsiriza anaganiza kuti kwa miyezi yonseyi palibe chatsopano chimene chinakhazikika m'mutu umenewu, dzina la mdzukulu ngakhale tsiku la sabata. Chokhacho chimene chinalowa n'kukhala ndi chimene anachikhomera yekha. Anayesa kudzimvera chisoni kapena kudzida, koma mumtima munali zii.

Anapita kubafa. M'kabati munali thonje, spiriti ndi pulasitala. Anatenga kansalu kopukutira mbale kukhitchini, nasamba m'manja nthawi yaitali, bambo ake akumva madzi akuthira.

"Tambasulani mkono," anatero atabwerera.

Anatambasula msangamsanga. Chitsiriza anamanga kansalu kaja pamwamba pa chigongono, nakoka mwamphamvu.

"Fumbatani. Yang'anani kukhoma."

Anayang'ana kukhoma. Fungo la spiriti linadzaza chipinda. Chitsiriza anapukuta khungu lofewalo, naika chikhadabo chake pamtsempha, n'kutsina. Bambowo anakoka mpweya ndi mano. Iye anadikira pang'ono, monga momwe nesi anadikirira, kenako anamasula kansalu, naikapo thonje ndi pulasitala.

"Basi, tatenga. Mukhoza kudya."

Anadya ndi dzanja limodzi, mkono winawo ataupinda kuti thonje lisagwe. Ankameza mothamanga. Chitsiriza anawauza kuti adye pang'onopang'ono, nawathirira madzi m'kapu. Atatha dzira loyamba anapuma, napukuta pakamwa, namuyang'ana mwaulemu.

"Muli ndi dzanja labwino, anesi. Sizinapweteke. Mukamuuze mwana wanga kuti sindinalawe kanthu, amadandaula kwambiri ameneyo." Anatola dzira lina. "Ndiye mawa ndibwerenso nthawi yanji?"

Chitsiriza anatseka botolo la spiriti.

"Musavutike, bambo," anatero. "Ndizibwera ndine, m'mawa uliwonse."