Tsiku Limene Ndamva Anadya Msika

Msika utasowa pakompyuta, muofesi munangoti zii. Amalume, amene ankajambula zonse za m'gemu imene kampani yaing'onoyo inkapanga, anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kuyang'ananso. Mabenchi a ogulitsa, mlatho, agalu ogona pamthunzi, ntchito ya milungu isanu, zonse zinali zitapita, kungotsala bwalo lotuwa. Zimene anasunga padera zinali zakale, msika usanayambe n'komwe.

Mayi Malangizo anaima kumbuyo kwawo, tiyi akuzizira m'kapu. Ntchito ya mayiyu inali kulemba buku lofotokoza zimene lamulo lililonse la pulogalamu yopangira gemu limachita. Kale bukulo ankawerenga ndi anthu, ndipo munthu akakayika ankabwera kudzafunsa. Koma chaka chimenecho abwana anabweretsa makina oganiza oti azigwira ntchito zotopetsa m'pulogalamumo, ndipo makinawo ankangodalira bukulo basi. Anawapatsa dzina loti Ndamva, poti sankatsutsa.

M'mawa umenewo Chimphepo, wolemba mapulogalamu, anali atauza Ndamva kuti achotse zinyalala, gemu ipepuke.

"Safunsa anadya phula," anatero Chimphepo, akuyesa kuseka. "Mwana wa abwanayu wadya msika wathunthu, ndi agalu omwe."

Palibe anaseka. Abwana anawaitana onse n'kunena kuti nkhaniyi si yovuta: auza eni gemuyo, amene anawapatsa ntchitoyo, kuti makina anasokonezeka, palibe wolakwa, ndipo Amalume amangenso msikawo m'milungu iwiri. Amalume anayankha chapansipansi kuti adokotala anawaletsa kuyang'ana pakompyuta nthawi yaitali, maso akutha. Abwana anangoti tiona.

Mayi Malangizo atabwerera pampando wawo anatsegula pamene Ndamva ankalemba zonse zimene wachita. Makinawo anali atalemba kuti awerenga tsamba lachinayi la buku lija, lomwe likuti lamulo lochotsera zinyalala limachotsa zinthu zosagwiritsidwa ntchito zokha, choncho palibe choopsa. Chiganizocho chinali cha mayiyo. Anakumbukiranso tsiku lina pamasitepe, Chimphepo akuwauza mothamanga kuti wasintha lamulolo, tsopano likuchotsa chilichonse chimene sichinatsegulidwe panthawiyo. Iwo ankathamangira kukatenga mwana kusukulu. Anati akonza bukulo mawa, ndipo mawalo silinafike.

Anapita kwa Chimphepo n'kumuonetsa. Iye anawerenga, n'kuyang'ana kukhomo la abwana.

"Achemwali, madzi akatayika saoleka," ananong'ona. "Ine ndi inu tili ndi ana. Ndamva alibe mwana woti adyetse. Musiyeni asenze mlandu."

Mawuwo anali okoma, ndipo mpaka nthawi yopuma masana mayiyo anayesa kuwameza. Koma nthawi zonse akadzutsa mutu ankaona msana wa Amalume, atawerama, mphuno ili pafupi kugunda galasi la kompyuta, akuyambanso benchi loyamba. Anzawo atatuluka kukadya, anakoka mpando n'kukhala pambali pa Amalume. Anafotokoza zonse, za pamasitepe ndi za mawa lija, osachotsera.

Amalume anasiya kujambula. "Ndiye kuti makinawo anafunsa?"

"Anafunsa, amalume. Anafunsa ine kudzera m'buku langa, ndipo ndinawanamiza."

"Mwachita bwino kundiuza, mayi," anatero mkuluyo, osawayang'ana. Dzanja lawo linabwerera pa ntchito. Sanakalipe, ndipo kusakalipako n'kumene kunapweteka.

Abwana sanakondwe Mayi Malangizo atawauza zoona zake. Uthenga wonena za makina osokonezeka anali atatumiza kale, ndipo anati sangaubweze ngati mwana. Anafunsa kuti ndi masamba angati amene mayiyo anayesa okha asanalembe. Mayi Malangizo anayankha kuti ambiri ankangolemba zimene auzidwa. Abwana analamula kuti Ndamva aime kaye, ndipo mayiyo ayese lamulo lililonse ndi manja awo, kuyambira tsamba loyamba. Chimphepo anasiya kuwapatsa moni, poti dzina lake linali litatuluka nawo m'nkhaniyo.

Milungu iwiri inatha msika uli theka. Eni gemuyo anati sangadikire, ndipo gemu inatuluka yopanda msika. Pamalo pake anangoikapo mpanda. Mwezi utatha Amalume anatsanzika, akusiya ntchito. Anagwira aliyense chanza, ndi Mayi Malangizo omwe, n'kuika kapu yawo ndi botolo la mankhwala a m'maso m'thumba.

Pofika nthawiyo mayiyo anali atapeza ziganizo zina khumi ndi zisanu ndi ziwiri zonama, ndipo buku linali lisanafike pakati. Ankafuna kompyuta ina yoyeserapo malamulo oopsa, yoti ngakhale zinthu zitafufutika pasakhale wolira. Abwana anayang'ana muofesi monse, n'kuloza tebulo la Amalume. Lolemba m'mawa Mayi Malangizo ananyamula buku lawo, nakakhala pamenepo.