Nsanza za Tsiku la Alendo

Agnesi ananyamuka kwa Dzoole m'mamawa atakulunga mumpango diresi labuluu limene telala wa pa Mponela anamusokera. Linali la mwana wake Takondwa, wa zaka khumi, amene anachita khungu ndi chikuku ali wamng'ono. Chaka chimenecho, 1995, chinali chachiwiri mwanayo ali pa sukulu ya ana osaona, kuseri kwa mapiri a ku Ntchisi. Pomutumiza kumeneko abale anayankhula zambiri, ati wosaona sukulu njachiyani, malo ake ndi pakhonde la sitolo ndi kambale kopemphera. Agnesi anawayankha kuti wakeyo adzagwira buku, kambale ayi, ndipo chilankhulireni sanabweze mawu.

Matola anamutsitsa pamphambano, kotsalako anakwera wapansi. Anapeza sukulu ili piringupiringu, miyala ya m'mbali mwa njira itapakidwa njereza, mbendera ili petupetu. Kunali kubwera phungu watsopano ndi azungu awiri a bungwe lothandiza. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense wopambana chisankho ankafuna chithunzi chake chituluke ali pakati pa ovutika.

Ana anali atandanda pabwalo. Agnesi anachita kuyang'ana kawiri kuti azindikire wake. Takondwa anali kutsogolo kwenikweni, wopanda nsapato, atavala chimalaya chachimuna chong'ambika paphewa, choti ngakhale kukolopera m'nyumba munthu sangachifune.

"Takondwa! Yunifolomu yako ili kuti?"

"Amayi, mwabwera!" Mwanayo anawapapasa nkhope mokondwa. "Ili m'bokosi. Izi ndi za alendo, akapita timabweza."

Za alendo! Kumudzi mlendo akamabwera timasesa pabwalo, kupha nkhuku, ana n'kuwasambitsa. Koma anthu ophunzira, amasatifiketi awo, anaona chanzeru n'kuvula ana a eni. Agnesi mtima unamuwira, ndipo analunjika kwa mphunzitsi wamkulu, a Benjamini, amene anaima pakhonde atatchena suti ndi taye, nsapato zili waliwali.

"Aphunzitsi, mwana wanga ndinamutumiza ndi zovala. Nsanzazi zachokera kuti?"

"Tsitsani mawu, mayi," anatero a Benjamini akuyang'ana kumsewu. "Azunguwa akaona ana ovala bwino, mabulangete apita kwina. Mukukudziwa kuzizira kwa kuno mu Juni? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ola limodzi lokha basi."

"Nanga inu bwanji simunavale nsanza? Taye wanuyo azungu samuona?"

A Benjamini anangotsokomola, n'kuyamba kukonza mipando yokonzakonza kale.

Za kuzizirazo sanali kunama, Agnesi ankadziwa. Mwina akanameza mkwiyo wake n'kukhala pansi, koma nthawi yomweyo kunamveka kulira kwa magalimoto kumunsi kwa phiri, ndipo mphunzitsi wina anaomba m'manja. Ana anayamba nyimbo ya masiye. Takondwa anapendeketsa mutu, n'kutambasula manja onse awiri zikhatho zili m'mwamba, mawu akuchita kuwanjenjemeretsa. Sizinali zongochitika. Zinali zophunzitsidwa, ndipo anaziphunzira bwino.

Agnesi sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anamukoka mwana wake pamzere, kupita naye kuseri kwa kalasi, kumuvula chimalaya chija n'kuchiponya pachitsamba. Anamupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, kumuveka diresi, n'kumubweza pamalo pake pamene magalimoto ankaima.

A Benjamini sanakalipe. Anangomugwira Takondwa paphewa mwaulemu, kumupititsa mzere wakumbuyo, n'kukankhira kutsogolo mtsikana wina dzina lake Grace, amene nsanza zake zinali zokwanira. Phungu anayankhula mpaka thukuta, za ufulu watsopano ndi za ana amene boma lakale linawaiwala. Kenaka anamunyamula Grace, kumufunditsa bulangete, azungu n'kujambula. Anajambulanso ataligwira mbali ina. Kwa mtsikana wa diresi labuluu palibe analozako kamera, ndipo Agnesi, ali chiimire pansi pa mtengo wa mbawa, anati mumtima zikhale choncho.

Fumbi la magalimoto litatha, anapita kwa mwana wake mtima uli m'malo.

"Tagwira kolala, mwanangu, ili ndi timaluwa. Waoneka bwino kuposa onse."

Takondwa anakankha dzanja la mayi ake. Misozi inali chuchuchu, mpaka kunyowetsa diresi pachifuwa.

"Mwandichotsetsa kutsogolo, amayi," anatero akusisima. "Malo amene aja ndi anga. Pasukulu yonse ino palibe amene amatha kupempha ngati ine. Aphunzitsi amanena okha."