Duwa la pa Manda a Amayi

Lole itaima pachipata cha manda, Kachangu anazimitsa injini koma sanatsike. Mlongo wake wamkulu, telala, anali atatulutsa kale phazi limodzi panja. Nayenso anangouma.

Amayi awo anaikidwa kuno mu Febuluwale, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo ana awiriwa anasamukira kutali chaka chomwecho. Tsikuli anabwera ndi mwala wa pamanda, simenti ndi mmisiri woti aumange. Chizindikiro chawo chinali chimodzi. Tsiku la maliro telala anathyola kanthambi ka lantana pampanda wa maluwa wa amayi, n'kukabzala kumutu kwa manda m'ketulo yakale yabuluu.

Tsopano chigawo chonse cha kumunsi chinali lantana yekhayekha. Tchirelo linatalika kuposa munthu, kuyambira pamsewu mpaka kukhwawa, lili ndi maluwa achikasu, ofiira ndi apinki. Panalibe mtanda wooneka. Agulugufe anali ponseponse pamwamba pake.

"Achemwali," anatero Kachangu motsitsa mawu, "munati tikangoona duwa ndiye kuti tafika. Nanga si tafika paliponse?"

"Khala chete iwe. Ndinabzala kamodzi, kotalika ngati chala."

"Ndi mbalame zimenezo," anatero mmisiri ali pamwamba pa matumba a simenti. "Zimadya tizipatso takudato n'kumwaza njere. Kwathu latha msipu wonse. Koma mundiuze msanga, mayi, masana ndili ndi ntchito ina. Ndipo ine sindimangira munthu wolakwika."

"Tingouika m'mphepetemu," anatero Kachangu. "Amayi ankakonda kuyenda, adzaupeza okha."

"Dzina la amayi likhale pamutu pa munthu wa eni? Mutu wako uli bwino?"

Telala anayang'ana tchire lija kwa nthawi, kenako anamanga mpango wake mwamphamvu.

"Onsewa anabadwa pambuyo. Amene ndinabzala ine ndiye wamkulu. Tifune tsinde lonenepa kuposa onse."

Anagwada n'kulowa chokwawa, Kachangu ali pambuyo akudandaula ndi minga. M'katimo munali mdima wozizira ndi fungo lamphamvu la masamba. Pansi panalibe udzu ngakhale umodzi. Anadutsa mitanda yogwa, miyala yong'aluka ndi mizu, mayina okwiririka ndi masamba ouma. Telala ankagwira tsinde lililonse n'kuliyeza ndi zala monga amayezera mkono wa malaya. Oyamba anali ngati pensulo. Chapakati anafika ngati mpini wa khasu. 

Tsinde lomaliza linali ngati ntchafu ya munthu, ndipo nthambi zake zinapita mbali zonse ngati denga la nyumba. Patsinde pake panali ketulo yabuluu, yong'ambika pakati, chogwirira chitalowa m'khungwa.

"Amayi," anatero Kachangu, n'kuvula chipewa.

Mmisiri anawapeza podula njira ndi chikwanje. Anazungulira tsinde lija akupukusa mutu.

"Chonsechi m'ketulo? Koma chiyenera kuchoka ndi mizu yomwe. Mukachisiya, mwala wanu ung'aluka mvula isanabwere kawiri."

Telala anayang'ana manda a kumanja ndi a kumanzere, onse ali pansi pa nthambi za mtengo wake.

"Awanso ali ndi abale amene amafika pachipata paja n'kubwerera," anatero. "Bambo, tibwerekeni chikwanjecho. Kachangu, uwaimbire abwana ako, lole yawo ibwerera mawa. Sitilekera pa amayi okha."

Dzuwa litapendeka, chitsa chinali pamsewu, mizu ili m'mwamba, ndipo manda asanu anali poyera. Akupita kukamwa madzi, Kachangu anathyola kanthambi kamaluwa n'kukaika m'thumba la malaya.

"N'ka chiyani?" anafunsa mlongo wake.

"Chikumbutso. Ndikabzala pakhomo."

Telala anakasolola m'thumbamo n'kukaponya pamulu woti awotche. M'malo mwake anamupatsa theka la ketulo.