Beseni la Ba Benard

Ine Ketrina sindiopa munthu, funsani aliyense pamsewu pa Chinyunyu pomwe ndimagulitsa nthochi. Koma tsiku limene mwana wanga Rosina anabwera ndi kamtolo ka zovala pamutu, mantha anandigwira.

"Amayi, andibweza," anatero. "Akuti ndinathira mankhwala mu munkoyo."

Mankhwala! Rosina amene ngakhale nkhuku amaitana mnzake kuti amuphere!

Chinachitika n'chakuti kwa apongozi ake, Ba Benard, kunali phwando la ubatizo. Rosina, pokhala mtengwa watsopano, ndiye anafulula munkoyo, thobwa lathu lija la mizu. Phwando litatha anthu anayamba kutsekula m'mimba, ndipo Ba Donald, mng'ono wawo wa Ba Benard, anawakweza pangolo kupita kuchipatala ku Mpanshya ali lefu. Basi chala chinaloza mlendo.

Ndinapita komweko chitenje chili m'chiuno, n'kukapeza asebele anga Ba Benard, bambo a mkamwini wanga.

"Asebele, munkoyo umenewo inenso ndinamwa, makapu awiri. Bwanji ndili chilili?"

"Mwana angaphe mayi ake?" anayankha Ba Benard osandiyang'ana n'komwe. "Donald akafa, mwana wanuyo asadzapondenso pano."

Mkamwini wanga anali pomwepo, maso pansi, kukanda nthaka ndi chala cha kuphazi. Ndinapsa mtima, koma mantha ndiwo anakula. Ukwati kutha ndi nkhani ina. Dzina la wothira mankhwala silichoka, ndipo kuno palibe amene angalandirenso ngakhale madzi m'manja mwako.

Chaka chimenecho, kolera itangovuta ku Lusaka, pamsewu pathu pankabwera mayi wina wa ku yunivesite, Dokotala Estina Lungu. Ntchito yake inali kufufuza tizilombo ta m'zakudya. Ankagula chakudya osadya, n'kumachiika m'timabotolo, mwakuti tinamutcha Ba Mabotolo. Galimoto yake itaima, ndinamugwira mkono asanatsike bwino.

"Ba Dokota, pimani munkoyo wa mwana wanga. Mukapezamo chiphe, ndimupereka ndekha kupolisi."

Anavomera. Munkoyo wotsala unalipo, chifukwa Ba Benard anautsekera m'nyumba ngati umboni. Koma mayi uja sanathere pa munkoyo. Analowa khomo ndi khomo kufunsa: munadya chiyani, munakhala ndi yani, munasamba m'manja pati? Anapemphanso chimbudzi cha odwala ndi cha onse a pakhomopo. Aa, Ba Benard anachita kulumpha! Anapereka pokhapokha atamva kuti zithandiza kuchiza mng'ono wawo. Pomaliza anadikira chakudya cha masana, n'kutunga madzi a m'beseni anthu asanasambe, n'kutunganso onse atasamba.

Masiku amene tinadikira, Rosina sankatuluka. Ndinkamumva akulira kuseri kwa nkhokwe, ine n'kumakalipira mbuzi zosalakwa.

Atabwerera, Ba Dokota anatisonkhanitsa pabwalo la Ba Benard.

"Munkoyo ulibe chiphe, ulibenso tizilombo toyambitsa matendawa," anatero. "Azimayi anamwa kwambiri kuposa abambo, koma palibe anadwala. Odwala onse anasamba m'manja m'beseni limodzi, la abambo."

Anatulutsa timbale tiwiri tagalasi totsekedwa. Kena kanali koyera. Kachiwiri kanali ndi timadontho tothithikana ngati nkhungu pa chimanga chonyowa.

"Aka ndi madzi asanasambemo munthu. Aka ndi madzi omwewo beseni litazungulira. Munthu mmodzi akakhala ndi tizilombo m'manja, onse omutsatira amasamba tizilombo take, n'kudya nato."

Kwathu beseni limayambira kwa wamkulu, kenako limatsika mpaka kwa wamng'ono, madzi omwewo. Ndi ulemu umene tinaupeza. Ndiye aliyense ankadziwa amene anayamba kusamba tsiku lija. Ba Dokota sanatchule dzina, anali atalankhula nawo kale kumbali. Ine lilime linkandiyabwa, Mulungu ndi mboni, koma ndinaliluma.

Kenako Ba Benard anakhosomola.

"Sabata ya phwando ija m'mimba munkandivuta," anatero motsitsa mawu. "Ndinangoti ndi mango."

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo! Ndinakhala pansi penipeni, pafumbi, misozi ili mbwembwembwe, ine amene sindilira pamaso pa anthu.

Ba Donald anachira, anabwera ataonda koma akuyenda okha. Rosina anabwerera kunyumba yake, ndipo ndinamuperekeza ndekha kuti aliyense aone. Masiku ano ukadutsa pa Chinyunyu, ngakhale m'malesitilanti a pamsewu, amakuthirira madzi ndi jagi, beseni lili pansi lolandira akuda. Ana amayesa zinali choncho kuyambira kale.

Tsiku limene ndinamuperekeza, chakudya chitapsa, Rosina anagwada ndi jagi patsogolo pa apongozi ake, n'kuwathirira madzi. Ba Benard anasamba bwinobwino, ndi sopo. Atatha anayang'ana uku ndi uku.

"Apongozi," anatero kwa mwana wanga, "kodi munkoyo simunafulule? Ndili ndi ludzu."