Kaseti ya Malemu Mukhito

1.
Waimvera yonse? anafunsa a Chimtengo, mkulu wa mpingo, atapana kasetiyo ndi zala ziwiri ngati yawanunkhira.

Yonse, bambo, anayankha Layisoni. Limba lokhalokha. Ndi ya tchalitchi yeniyeni.

Bodza. Anali atamvera koyambirira kokha, n'kuzimitsa poopa kutha batire.

2.
Layisoni wakalambira kumabala a pa Luchenza, kuimbitsa nyimbo anthu oti mawa lake sakumbuka n'komwe kuti anavina. Anatopa nazo. Anatopa ndi kuzinda mabotolo, anatopa ndi dzina loti wa zidakwa uja, limene ngakhale ana ake ankalimva kusukulu. Ankafuna ntchito ya masana, yovala tayi, yoti akamadutsa amayi a Mvano azimuyankha moni.

Lero ndi mayeso ako, anatero a Chimtengo. Ukayendetsa bwino maliro a bambo Mukhito, maliro onse a mpingo uno zokuzira mawu zidzakhala zako. Ukalakwitsa, kumabala sikunasamuke.

3.
Katundu wa Layisoni:
sipika yaikulu
sipika ina yolankhula ngati yagwidwa chimfine
batire la galimoto
wayilesi ya kaseti yomangidwa ndi mphira
tayi wa mlamu wake
mantha

4.
Kasetiyo anamupatsa ndi namfedwa, mayi Eneresi, mkazi wa malemuwo, m'mawa womwewo. Anaimasula pansonga ya chitenje. Inalibe chikuto, inalibe dzina, inangoyera ndi kugwiridwagwiridwa.

Iyi uike poona nkhope, mwana wanga. Inali ya bambo ako agona apowa.

Layisoni anailandira ndi manja awiri. Anawamvera chisoni mayiwo, nkhalamba yofatsa yosadziwa za zingwe ndi mabatani.

5.
Kale, a Mukhito akadali ndi tsitsi, anali khukhi wa mzungu wina ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Mzunguyo pobwerera kwawo anauza antchito kuti aliyense asankhe chomwe akufuna. Wa m'munda anatenga njinga. Mlonda anatenga jekete. A Mukhito, munthu wamkulu ndi nzeru zake, anatenga kaseti.

Ati nyimbo zake ndi pulogiresivu roko. Anzawo ankayesa ndi dzina la mankhwala opopera tiyi. Mpaka imfa yawo, nkhani ya njinga ija inkatuluka nthawi iliyonse achibale akafuna chitsanzo cha munthu wosaganiza za mawa.

6.
Bokosi analiika pakhonde. Mzere woona nkhope unayambira pamtengo wa peyala, kudutsa kuseri kwa khola, mpaka kumsewu, poti malemuwo anali munthu wa anthu. Layisoni anadina batani.

Limba linalira pang'onopang'ono, lozama, lolemera. Amayi anayamba kulira mwadongosolo. A Chimtengo anatseka maso, akugwedeza mutu, mwina akuganiza zoti azungu nawonso amamudziwa Mulungu. Layisoni anakonza tayi. Anadziona kale pa maliro a chaka chamawa.

Limba linatsika, linatsika, linati zii. Ena ananena ameni.

Koma nyimboyo inali isanathe.

7.
Ng'oma.

8.
Sizinalowe ngati alendo ayi zinagwa ngati malata a nyumba yonse atsetsereka nthawi imodzi ndipo gitala anatulukira kumbuyo kwake akukuwa ngati wapondedwa chala kenako limba lomwe lija lofatsa lija la tchalitchi lija linavula jekete n'kuyamba kuthamangitsana ndi gitalayo kukwera kutsika kukwera kutsika mpaka sipika ya chimfine inachira nthawi yomweyo ndipo nkhuku zinabalalika pansi pa nkhokwe mwana wina kumbuyo kwa amake analeka kulira kuti amve bwino zomwe zamuposa ndipo mzungu wa mawu opyapyala anayamba kuimba zinthu zoti ngakhale aphunzitsi a Chingerezi amene anali pamzerewo anangoyang'ana pansi

9.
Ife a pamzere tilankhuleko. Munthu ukamapita kukaona nkhope umayenda motsatira nyimbo, phazi ili, phazi ilo. Nyimbo zonse zimene tikudziwa zili ndi miyendo iwiri ngati ife. Iyi inali ndi mwendo wachitatu. Ukati uponde, yadumpha. Ukati udikire, yakupitirira. A Namulu anatsala phazi lili m'mwamba pafupi ndi bokosi, osadziwa poliika. Wa kumbuyo kwawo anawagunda, wa kumbuyo kwa ameneyo anagundanso, mpaka kukhola.

Sitinavine. Amene akunena kuti tinavina atiyankhe pamaso.

10.
Zimene anthu anaganiza:
kaseti yadyedwa
batire lapenga
Layisoni wabwera ataledzera
malemu akukana kupita
nyimbo zitatu zikulira nthawi imodzi
mayi Eneresi awalakwira, nkhalamba ya Mulungu

11.
Phokoso linadukiza. Kunatsala chitoliro chokha, chaching'ono, chokoma ngati cha mbusa wa ng'ombe. Anthu anapuma. A Namulu anatsitsa phazi.

Koma nyimboyo inali isanathe.

12.
Iwe Layisoni, dzanja lako lili pabatani. Ukuwaona a Chimtengo uko, akudzicheka pakhosi ndi chala kuti uzimitse. Ukudziwa chomwe chikukuthawa. Dina, munthu iwe.

Sukudina. Zaka zonsezi waimbitsa nyimbo zoti ukamva poyambira wadziwa kale pothera, ndipo iyi sukudziwa kumene ikupita. Woimba ng'omayo akuphonya dala, n'kubwerera pamalo pomwe anaphonya, anzake onse akumudikirira pomwepo ngati anapangana. Anapanganadi. Tsitsi lakuimirira. Ukufuna umve kamphindi kamodzi kokha, kenako uzimitse. Kamphindi kenanso.

Ukuchita manyazi, koma ukusangalala, pamaliro a eni.

13.
A Chimtengo ananyamuka okha. Koma pamaliro munthu sathamanga, ndipo mkulu wa mpingo sadumpha miyendo ya amayi okhala pansi. Anayenda chowerama, zikomo, zikomo, pepani, tidutse nawo, nkhope ili gwa, kwinaku gitala akuwaperekeza. Pofika pa wayilesi thukuta linali litanyowetsa kolala.

Anatambasula dzanja.

Kasetiyo inati khe, pakati penipeni pa mawu a mzungu uja. Yatha yokha.

14.
Bata lake linali loti ntchentche inkamveka. Adzukulu anasendera ndi chivundikiro cha bokosi.

Yonse, eti? ananong'ona a Chimtengo. Limba lokhalokha? Pita ukagwade kwa namfedwa, upepese anthu onse akuona. Akakukhululukira, mwina ine ndi iwe tingadzakambirane. Mwina. Koma wayilesi iyi usaikhudzenso lero.

Layisoni anagwira mawu oti mwinawo ngati munthu wogwira nthambi pamtsinje wodzaza. Anayenda mpaka pamphasa ya amayi, nagwada, tayi wa mlamu wake akukhudza fumbi.

Amayi, ndalakwa. Sindinadziwe kuti kutsogolo kwake kuli zoterezi.

15.
Ine ndinkadziwa, anatero mayi Eneresi.

Sanakweze mawu, koma pakhonde ponse anamva.

Chiloweni m'nyumba imeneyi, Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi bambo akowa ankaika kaseti imeneyi. Limba likangotha, ng'oma zija zikati ziyambe, ine ndinkadzuka n'kukazimitsa. Ndinkati m'nyumba mwanga simulowa misala ya azungu, munthu wosiya njinga. Iwo osakwiya. Ankangoti, Eneresi, ukanadikira pang'ono, pabwino pali kuseri. Ine n'kumati ndidzamvera tsiku lina ndikadzakhala ndi nthawi.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana adzukulu.

Musatseke kaye. Sindinamverepo nawo limodzi mpaka kumapeto, ndipo akatuluka pakhomo pano sabweranso.

Kenako anatembenukira kwa Layisoni.

Mwana wanga, kasetitu ili ndi mbali ziwiri.

Layisoni anayang'ana a Chimtengo. A Chimtengo anapukusa mutu pang'onopang'ono, kuti awaone bwino. Layisoni anayang'ana mzere, umene unali ukadafika kumsewu. Mumtima anatsanzika maliro onse a mpingo, a chaka chino ndi a chaka chamawa. Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, anakatsegula wayilesi n'kutembenuza kasetiyo.

Ukwezeko pang'ono, anatero mayi Eneresi, akusendera pafupi ndi bokosi. Khutu lakumanzere la bambo akowa linali lovuta.