Mwala wa M'malire

Anthu a parishi ya Wendlecote anali ataima kale pampanda wa a Tuckwell, ndodo za msondodzi zili m'manja, koma mwala sunkaoneka.

Mwambowu unayamba kalekale, m'masiku a amonke amene anamanga tchalitchi chawo. Chaka chilichonse anthu ankazungulira malire a parishi n'kumakwapula miyala imene amonkewo anazika. Chimwalirireni Hilda, mkazi wawo, a Tuckwell sankapitako. Ulendo uno anabwera chifukwa cha manda. Malo anali atachepa, ndipo akulu a mpingo anagamula kuti aziikamo okhawo okhala m'parishimo. Nyumba ya a Tuckwell inali m'malire mwenimweni. Mwala ukanapezeka kumaso kwa nyumba, ndiye kuti iwo anali a parishi ina, ndipo sakanadzagona pambali pa Hilda.

A Tuckwell anakumba patsinde pa mtengo waukulu, kuseri kwa nyumba. Sanapeze kanthu.

"Unali pano," anatero.

"Bwanji tiyeseko pena, bambo?" Abusa Merrick anafunsa mofatsa.

"Pano."

Percy, mlongo wake wa Hilda, anaseka atatsamira ndodo. "Alamu, mwaganiza zodzikumbira manda pompano? Safunsa anadya phula."

"Ukudziwa chiyani iwe?"

"Mutu wangawu ndiwo ukudziwa. Mwaiwala? Tili ana ankatigwira miyendo n'kutigunditsa mutu pamwala kuti tisadzaiwale malire. Inu munathawa, n'kukwera mumtengomu. N'chifukwa chake mukukumbukira mtengo. Anagunda ndine!"

Anthu anafa nalo phwete. A Tuckwell anayang'ana pansi, makutu ali psuu.

Percy anawatsogolera kupyola dimba la mbatata mpaka kungalande, kuseri komweko. Anakankha minga ndi ndodo. Mwala unali pomwepo, wofupika, wodzaza ndere, mtanda umene amonke anazokotapo ukuonekabe. Nyumba yonse, ndi dimba lomwe, zinali m'kati mwa parishi.

"Basi, nkhani yatha," anatero abusa. "Ndinu athu."

A Tuckwell anakhala pansi m'mbali mwa ngalande. Anapuma mpweya wautali. Kenaka anadzuka, n'kuukwapula mwalawo kamodzi, pang'onopang'ono.

"Musasangalale kwambiri, alamu," anatero Percy. "Malo anga ali mbali inayo ya Hilda. Mudzandimva mpaka kale."

"Hilda ankakutseka pakamwa. Adzakutsekanso."

Anthu ena anapitirira ku mwala wotsatira. A Tuckwell anatola fosholo yawo, n'kukodola Percy ndi mutu.

"Tiye. Tiyi."