Msilikali wa pa Tsamba 41

Komatu dzinalo analibisa, Flywell ankangodziuza choncho chitsikireni minibasi pa Biwi, analibisa monga momwe amaphunzitsira kuyunivesite. Aliyense amene anamufunsa mafunso pa kafukufuku wake anamupatsa nambala, ndipo Sajeni Anwar, mnzake amene analowa naye usilikali tsiku limodzi iye asanavule yunifolomu n'kubwerera kusukulu, anangokhala "Msilikali 7". Nanga cholakwa chili pati? Ankadzinamiza. Cholakwacho ankachidziwa, chinali pa tsamba 41, ndipo anachilemba yekha akumwetulira.

Kafukufukuyo anali wa asilikali obwera kosungitsa mtendere kunja. Ena onse ankayankha mozemba, koma Anwar anamukhulupirira, anamuuza za tsiku lomwe mawailesi awo anafa ali pakati pa nkhalango, za lamulo lomwe linafika mochedwa, za anzawo awiri amene anabwera kwawo m'mabokosi. Ndiye Flywell, pofuna kuti buku la kafukufukuyo likome, kuti aphunzitsi aone kuti mwana wa ku Ekwendeni cholembera amachitha, anawonjezera kachiganizo kamodzi kokha: kuti Msilikali 7 anadukiza nkhani n'kupita kukaswali, ndipo pobwerako maso anali ofiira. M'gulu lonse lija Msilamu anali mmodzi yekha.

Sabata yatha Flywell anaitanidwa kukafotokoza zomwe anapeza pa msonkhano wa zachitetezo, poti gulu lina likukonzekera kunyamuka. Mabwana a nyenyezi paphewa anaomba m'manja, wina anapempha kope, ndipo iye — chitsiru chophunzira — anapereka ndi manja awiri, mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti mwina ulendo uno mawailesi akonzedwa, kuti mwina kulemba kumapulumutsa anthu. Dzulo Anwar anauzidwa kuti Lolemba akayankhe mlandu woulula za m'kati. Ntchito ya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ikanatha kuthera pomwepo.

Phokoso la owotcherera zitsulo linkamulowa Flywell mpaka m'mano, dzuwa likumuotcha pakhosi, chikwama chokhala ndi bukulo chikumenya m'nthiti. Ankaopa, ndipo ankadzida. Anali atakonza mawu opepesa, koma onse ankayamba ndi kudziteteza, ndipo ankalakalaka Anwar atangomumenya mbama pakhomo pomwepo, anthu akuona, kuti nkhani ithe.

Amene anatsegula geti anali Hafsah, mkazi wa Anwar. Anamulonjera mwansangala, namuikira mpando pamthunzi, namuuza kuti chiyambire dzulo bambo sanadye, akungotchula mayina a anzawo mmodzimmodzi, kufuna kudziwa amene wawapereka.

"Koma inu akuti musadandaule, alamu," anatero. "Akudziwa kuti si inu. Inu paja munawalonjeza kuti dzina lawo mulibisa."

Flywell anaitolera nkhani. Ndiye kuti Anwar sakudziwa, bukulo sanaliwerenge, akukayikira anthu osalakwa amene anagona nawo m'matope, ndipo iye Flywell akanatha kukhala chete, kumwa madzi, kupepesa ngati mlendo wabwino n'kukwera minibasi — Lolemba likanadzanena lokha, tsamba lija mabwana atalitsegula patebulo.

"Ali kuti?" anafunsa.

"Akuswali. Dikirani pang'ono, atuluka."

Pakhomo panali nsapato zausilikali zopolishidwa, zitayalidwa bwinobwino. M'nyumbamo mawu otsika a pemphero analeka, mkeka unakhwekhwereza pansi, ndipo Flywell, dzanja lili pa zipi ya chikwama, anadziwa kale mmene maso a munthu wotulukayo akhalire, poti anali atawalemba kale.